Masamba a Che Twaibu pa msewu wa ku Barking

Che Twaibu anagwa pa siteshoni ya Barking Lachiwiri masana, chikwama chawo chija chili kumsana, ndipo ambulansi pofika inapeza atapita kale. Uthenga unandipeza ku ntchito ndikumanga bala la wodwala. Ndinamaliza kumanga bwinobwino, ndinasamba m'manja, kenako ndinakadzitsekera m'kachipinda kosungira mabulangete n'kulira ngati wafa ndi bambo wondibala. Ine Nabanda wa ku Ntcheu, nesi, mayi wa mvano, kulirira nkhalamba ya Chisilamu ya ku Machinga imene ndinakangana nayo kuposa munthu wina aliyense mu London muno. Dzulo anzawo a ku mzikiti achita sadaka ya masiku makumi anayi. Ndati ndilembe zimene ndikukumbukira mutu usanayambe kutaya.

Anali munthu wamfupi, wowonda, wa ndevu zoyera zosongoka kunsi. Chilimwe kapena chisanu, chovala chinali chimodzimodzi: mkanjo woyera, jasi lakuda pamwamba, chisoti cha Chisilamu kumutu, ndi chikwama chakuda cha kumsana chonga cha mwana wa sukulu. Chikwamacho sankachisiya, ngakhale popita kuchimbudzi kunyumba kwa eni. Tinkawaseka kuti asungamo golide, iwo n'kungomwetulira. Khutu lawo lamanzere linafa kalekale, ndipo lamanja linkamva zokhazo zimene eni ake afuna kumva.

Kuno anabwera ife tisanabadwe, ngati khukhi wa banja lina la azungu limene linkabwerera kwawo kuchokera ku minda ya tiyi ya ku Thyolo. Bwanayo atamwalira, Che Twaibu analowa ntchito m'chipatala, yokankha mabedi a odwala kuchokera kuwodi kupita kokajambulitsa, kuchokera kuwodi kupita ku mochale, zaka zoposa makumi awiri. Akazi awo anamwalirira kumudzi. Mwana analibe. Ankakhala m'kachipinda kamodzi pamwamba pa sitolo ya nsomba zouma ndi ufa, ndipo kutchula Mmalawi wamkulu kuposa onse kum'mawa kwa London kunali kutchula iwowo.

Ukakumana nawo koyamba, unkakhala ngati uli pa ofesi ya pasipoti. Dzina lako ndani, mfunda wako, mudzi, mfumu yaikulu, boma. Ukayankha mwachidule ankatembenuza khutu lamanja lija n'kukuuza kuti ubwereze. Akamva kamodzi, basi, zalowa. Ine anandifunsa mu basi ya ku Tottenham chaka chimene ndinafika, atandimva ndikukalipira mwana wanga m'Chichewa. Patapita zaka zitatu tisanaonanenso, tinakumana pa maliro, iwo n'kunditchula dzina, mudzi wa amayi anga, mpaka mtsinje umene tinkatunga madzi. Ndinachita mantha, ndisaname.

Pa maliro ndiye pamene unkawaona bwino. Mmalawi akamwalira kulikonse, Greenwich, Tottenham, kaya kutali kumene sitima imathera, Che Twaibu ankafika oyamba. Sankafunsa kuti womwalirayo ankapemphera kuti. Abusa akamaliza, iwo ankaimirira, manja kumbuyo, n'kuyamba kutchula Amalawi onse amene anafera mu London chifikireni iwo, mmodzimmodzi, dzina, mudzi, boma, popanda pepala. Ena anali oti palibe wa ife anawamvapo: wophunzira wina wa ku Rumphi amene anafa ndi chibayo chaka chake choyamba, telala wa ku Nkhotakota, mayi amene anabwera kudzalera ana a kazembe. Ankati anthu amenewa akapanda kutchulidwa kuno, ndiye kuti dziko lino linangowameza. Nyumba inkati zii. Ngakhale ana athu, amene Chichewa amangomva n'kuyankha m'Chingerezi, ankasiya mafoni awo.

Koma musaganize kuti anali munthu wofewa. Tiyi wanga ankati ndi madzi otsukira makapu. Ndinabweretsapo nyama ya nkhumba pa chikondwerero cha ufulu wa dziko lathu, anandinyanyala miyezi iwiri, pa msewu n'kumangondikwezera nsidze. Mkangano waukulu unali wa mwana wanga Chisomo. Anzake a kusukulu ankamutcha Chizzy, ine n'kuzolowera, mpaka ndinamuitana choncho pamaso pawo. Anandiyang'ana ngati ndataya mwanayo m'dzala.

"Nabanda, munavutika naye miyezi isanu ndi inayi kuti mumupatse dzina la mphaka?"

"Ndi zocheza chabe, Che Twaibu."

"Zocheza? Ine zocheza za maina ndinazilawa."

Tsiku limenelo ndi limene anandiuza za sukulu. Ali mwana, analembetsa pa sukulu ya mishoni pafupi ndi kwawo, ndipo mphunzitsi anati dzina la Twaibu silingalembedwe m'kaundula, akhale Tomasi. Anzake sankamutcha Twaibu, sankamutchanso Tomasi, ankangoti Mnasala. Anati chaka chonse choyamba palibe anamugenda. Ankangomuitana dzina lijalo, m'mawa ndi madzulo, mpaka linakhazikika. Miyala inabwera chaka chachiwiri, ndipo amene anaphwanya khutu lija anali mnzake wokhala naye benchi limodzi. Bambo awo anawatulutsa sukulu tsiku lomwelo. Kuchokera pamenepo ankakhulupirira chinthu chimodzi, ndipo ankachibwereza mpaka kutitopetsa: munthu sagenda amene akumudziwa dzina, amayamba wamupatsa lina, ndipo dzanja limadzatsatira pambuyo.

Ndiye mukhoza kuona mmene ankamvera ndi dzina lija la Londonistan. Ine ndinayamba kulimva pa wailesi, m'mapulogalamu aja amene anthu amaimba foni n'kumakalipa. Ankatanthauza kuti London wasanduka khola la zigawenga zobisala m'Chisilamu, boma likungoyang'anira. Mabomba ataphulika m'sitima za pansi ndi mu basi mu Julaye wa 2005, dzinalo linali pakamwa pa aliyense, m'nyuzi, pa makoma a pa siteshoni, ngakhale kumudzi linafika. Mchimwene wanga wa ku Lilongwe anaimba foni atamva kuti ndili moyo, n'kuyamba nthabwala kuti ine ndikukhala ku Londonistan, iye pafupi ndi dera lija la ku Lilongwe limene amalitcha Baghdad, ndiye tonse tili ku nkhondo. Ndinaseka. Ndinakabwerezanso nthabwalayo pa gulu, Che Twaibu ali pomwepo.

Sanakalipe. Anaika kapu pansi n'kunena kuti mzinda uno uli ndi dzina lake, ndipo unawadyetsa iwo zaka makumi atatu ndi zina. Anati amene anaphulitsa mabomba anapha anthu a mitundu yonse, Asilamu omwe, ndipo Mulungu akawafunsa. Kenako anandifunsa kuti dzina latsopanolo likakhazikika, miyala idzagwera ndani, zigawenga zimene zafa kale, kapena mayi wa mpango kumutu amene akupita kukagula mkaka. Ine pakamwa sipanditopera. Ndinawayankha kuti ngati sakufuna dzinalo akauze anzawo a ku mzikiti asiye kutipha. Mawu amenewo ndimawamvabe mpaka lero ndikamatsuka mbale.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti anzawo a ku mzikitiwo anali atawauza kalekale, ndi ambulera. Ndinamva pambuyo pake kwa mkulu wina wa kumeneko. Zaka ziwiri mabomba asanaphulike, kunkabwera anyamata ena obadwira konkuno, n'kumaima pa geti Lachisanu akugawa timapepala tonena kuti London ndi mzinda wa akafiri woyenera chilango. Akuluakulu ena ankangodutsa maso pansi. Che Twaibu anawalanda timapepalato, n'kugwira mmodzi pa kolala, munthu woti kutalika kwake iwo ankamulekeza pachifuwa. Anamuuza kuti amayi ake anamuberekera m'chipatala cha mzinda womwewu, ndipo mwina bedi lawo anakankha ndi iwowo. Anyamatawo atayamba mwano, ambulera inagwira ntchito. Sabata iliyonse ankakaima pa getipo mpaka akuluakulu a mzikiti anawaletsa anyamatawo kufikanso. Kwa iwo, wotcha mzindawu Londonistan ndi woutcha mzinda wa akafiri anali pa ntchito imodzi.

Masabata a pambuyo pa mabomba anali oipa. Aliyense wa ndevu ndi chikwama ankayang'anidwa ngati njoka yalowa m'nyumba. Munthu wina wosalakwa anawomberedwa pa siteshoni atamuganizira molakwika, ndipo tonse tinadziwa kuti kuthamangira sitima kokha kukhoza kukuphetsa. M'mawa wina ndinakwera sitima ya District line, n'kuwaona Che Twaibu atakhala okha, mipando ya mbali zonse ili yopanda anthu, anthu atathithikana ku khomo. Chikwama chili pa miyendo. Ndikanangopita n'kukhala pambali pawo. Sindinatero. Ndinatsika pa siteshoni yotsatira n'kukwereranso pa chitseko china, ndikudziuza kuti sanandione.

Esinati anamwalira mu Ogasiti chaka chomwecho. Anali nesi mnzanga, mkazi wa a Kamwendo, ndipo anagwa ndi BP akukonzekera kupita ku ntchito. Thupi linali ku mochale kudikira mapepala oti lipite kumudzi, koma siwa tinaika kunyumba kwawo ku Barking, m'kamsewu kopapatiza ka nyumba zogundana, zokhala ndi kabwalo kakang'ono kutsogolo. Ine ndi amene ndinkayendetsa zinthu, ndipo ndi ine ndinawaimbira foni Che Twaibu.

"Mubwere, koma chonde, kwa lero lokha, valani buluku ndi malaya. Chisoti ndi chikwama musiye kunyumba. Anthu a m'kamsewu aka akutiyang'ana kale moipa."

"Mwati bwanji? Foniyi ikudukaduka."

Foni sinkaduka. Khutu lamanja linali litatseka ofesi.

Anafika cha m'ma 2 koloko masana, mkanjo uli mbee, chisoti, chikwama, zonse. Abambo anali atakhala panja pa mipando ya pulasitiki, amayi tili m'nyumba tikuimba. Ndinawaonera pa zenera mtima n'kugwa. Anapereka moni, anagwira dzanja la a Kamwendo nthawi yaitali, kenako anayang'ana msewu uku ndi uku.

"Masamba ali kuti?"

Abambo anayang'anana. Wina anati kuno ndi ku England, madala, za masamba n'zakumudzi. Che Twaibu anafunsa ngati anthu azingodutsa pamenepa akuseka, mawailesi a m'galimoto ali pamwamba, Esinati atamwalira. Kwathu tonse tikudziwa, pakagwa maliro timayala nthambi zaziwisi pa msewu, kumtunda ndi kumunsi kwa nyumba, kuti wa njinga atsike, wa galimoto achepetse liwiro, wa chipewa avule. Koma m'zaka zonse zimene tinakhala kuno palibe anayesapo, ngakhale iwowo. Chimene chinawagwira tsiku limenelo sindikudziwa. Mwina anatopa ndi kubisala kumene tonse tinkabisala mwezi umenewo.

Pabwalo la a Kamwendo panalibe mtengo, panali simenti yokhayokha. Nyumba yoyandikana nayo inali ndi mpanda wa zitsamba wobiriwira, wodulidwa mwaluso ngati tebulo. Che Twaibu anatulutsa sizasi yaikulu ya telala m'chikwama n'kuyamba kudula, osagogoda, osapempha, monga mmene akanachitira kumudzi, kumene nthambi za maliro sapempha. Anasiya chibowo choti mbuzi n'kudutsa. Anakagwada pakati pa msewu kumtunda n'kuyala nthambi zija, anatsikira kumunsi n'kuyalanso. Mwini mpandawo, mzungu wachikulire wokhala yekha, anali pa zenera la m'mwamba. Chimene anaona ndi munthu wa ndevu, wa mkanjo, wa chikwama, akutulutsa chitsulo n'kumaika zinthu pakati pa msewu, gulu la amuna achilendo likuonerera. Anaimbira apolisi, ndipo kunena chilungamo, mwezi umenewo ine ndikanakhala iye ndikanaimbanso.

Sipanapite nthawi. Galimoto za apolisi zinatseka kamsewuko mbali zonse ziwiri, n'kutsikamo anthu a mfuti. Anakuwa kuti aliyense akweze manja. Abambo aja anagwa m'mipando, wina anagona chafufumimba pa simenti. M'nyumba nyimbo inaduka pakati. Ine ndinathamangira pa khomo, ndipo zimene ndinaona sindidzaiwala. Che Twaibu anali kumunsi kuja, atawerama, akubwezeretsa nthambi zimene galimoto ina inamwaza. Anali atafulatira apolisi, khutu lakufa lija ndi limene linali kumbali kwawo. Mfuti zonse zinaloza chikwama cha kumsana kwawo.

Wapolisi anakuwa kuti aimirire, asagwire chikwama. Iwo anapitiriza kuyala. Anakuwanso kachiwiri, mawu atasintha, ndipo ine ndinadziwa kuti kachitatu sikakhalapo. A Kamwendo, manja ali m'mwamba, misozi ikutsika, anakuwa m'Chingerezi kuti munthuyo ndi wogontha, ndi nkhalamba, pano pali maliro. Kaya anamveka kaya ayi. Che Twaibu anamaliza kuika nthambi zonse kupatula imodzi, anadzuka pang'onopang'ono atagwira bondo, n'kutembenuka.

Anaziona mfuti zija. Sanadzidzimuke, sanathawe, sanagwire lamba wa chikwama, chimene chikanawaphetsa pomwepo. Anakweza manja onse awiri, nthambi ili m'dzanja lamanja. Kenako anapendeketsa mutu ngati munthu amene akumvetsera china chake chimene chasowa, n'kuyang'ana kwa ine pa khomo paja.

"Nabanda, nyimbo yalekeranji? Mwana wa eni wamwalira, inu mwangoti duu. Imbani."

Abale anga, munthu mfuti zitamuloza pachifuwa, Msilamu, akulamula amayi a mvano kuti apitirize nyimbo ya Yesu. Ndinayambitsa, mawu akutuluka ngati a mbuzi yomangidwa. Mayi wina kumbuyo kwanga analandira, wina, wina, mpaka nyumba yonse. Amayi anayamba kutulukira pa khomo ndi m'mazenera, zitenje m'chiuno, mipango kumutu, nkhope zotupa ndi kulira, akuimba. Palibe munthu padziko pano amene angamve nyimbo ya maliro ya kwathu n'kusadziwa kuti ndi ya maliro. Ndinaona mfuti imodzi ikutsika pang'ono, kenako ina.

Wapolisi wamkulu anawalozera ndi manja kuti avule chikwama n'kubwerera m'mbuyo. Anagwada, anachitsitsa pansi, anabwerera. Tinapitiriza kuimba mpaka mmodzi wa iwo anachitsegula n'kuyamba kutulutsa zinthu pa msewu pomwepo, tonse tikuona golide uja tinkamuseka. Munali kamkeka koswalira. Fulasiki ya tiyi. Sizasi ija. Ndipo pansi penipeni, mu pulasitiki, nsalu yoyera yatsopano yopindidwa bwino, sopo, kabotolo ka mafuta onunkhira, ndi pepala lolembedwa m'Chingerezi ndi m'Chichewa.

Wapolisi anafunsa kuti nsaluyo ndi ya chiyani. Che Twaibu anayankha m'Chingerezi chawo chaulemu cha kukhitchini kuti ndi chovala chawo chomaliza. Anati alibe mkazi kapena mwana m'dziko lino, ndiye amayenda ndi nsanda yawo kuti tsiku limene adzagwe, wowatola asadzavutike, pepalalo lidzamuuza dzina lawo ndi woti amuimbire. Nyimbo inathera pamenepo, chifukwa amayi tinayamba kulira kwenikweni. Ndi chikwama chimenecho ndinachithawa m'sitima, ndi chomwecho ndinawauza kuti asiye kunyumba.

Wapolisi wamkuluyo anafunsa za masamba, iwo n'kumufotokozera, n'kuwonjezera kuti kwathu wodutsa pa masamba amenewa amavula chipewa. Ine mumtima ndinati nkhalamba iyi ikufuna kutiphetsa tonse. Mkuluyo anawayang'ana kanthawi, anayang'ana a Kamwendo, kenako anavula chipewa chake n'kuchiika m'khwapa. Anapepesa maliro. Anati lamulo silola kuika zinthu pakati pa msewu, ndiye nthambizo zisunthidwire m'mphepete. Che Twaibu anavomera, ngakhale apolisi atachoka ndinawaona akuzikankhira mkati pang'ono ndi phazi.

Amene sanakhutire anali mwini mpanda. Anatuluka nkhope ili psuu, akukalipa kuti onani mpanda wake, zaka khumi akuusamalira, anthu inu mwasandutsa mzinda wathu Londonistan, tsopano mwafika ndi pa khomo pake. Abambo athu, mantha atawathera, anayamba kudzuka m'mipando. Che Twaibu anawaletsa ndi dzanja n'kupita okha pa geti lake.

"Bambo, pa za mpanda ndalakwa ndine. Ndinayenera kugogoda. Pepani. Dzina langa ndine Twaibu. Lanu ndani?"

Mzunguyo anakhala ngati wapunthwa. Anayankha mokalipa kuti Derek.

"A Derek, amene wamwalira pa khomo loyandikana nanu ndi Esinati. Anali nesi. Wakhala pamenepa zaka zinayi. Ndipo mzinda uno ndi London, msewu uno ndi wa ku Barking. Ine ndakankha odwala ake ndi akufa ake mpaka msana uwu unapindika, dzina lina sindikulidziwa."

A Derek anamenyetsa chitseko. Musayembekezere kuti ndinena kuti anasanduka abwenzi, sizinatero. Zaka zinayi zotsatira, Che Twaibu ankabwera Lamlungu lililonse masana kudzacheza ndi a Kamwendo, chifukwa ankati mwamuna woferedwa sasiyidwa yekha. Ankakhala pa kakhoma kafupi ka njerwa kolekanitsa mabwalo awiriwo, pafupi ndi pamene anadula paja, akumwa tiyi wa mu fulasiki yawo. A Derek akatuluka, iwo ankati, "Masana abwino, a Derek." Chaka choyamba panalibe yankho. Chachiwiri ankangogwedeza mutu. Kupitirira apo sindinaonepo.

Ine ndinawapeza madzulo a tsiku la apolisi lija dzuwa lisanalowe, akupinda nsanda yawo mosamala kuibwezera mu pulasitiki. Ndinapita ndi mawu okonzeka kale oti ndiwakalipire, koma anandiyambirira.

"Tsiku lija m'sitima ndinakuonani, Nabanda."

Ndinayang'ana pansi, iwo n'kupitiriza.

"Sindinakwiye. Munali ndi mantha, ndi ine ndemwe ndinali nawo. Koma lero mwaimba."

Sanaitchulenso nkhaniyo mpaka imfa yawo. Tiyi wanga anapitiriza kumunyoza.

Atagwa pa siteshoni paja, pepala lija linagwira ntchito yake. Wogwira ntchito pa siteshoni anaimbira a Kamwendo ndi a ku mzikiti, ndipo a ku mzikitiwo anawasambitsa ndi sopo wawo yemwe, n'kuwakulunga mu nsanda imene anainyamula kumsana zaka zonsezo. Anaikidwa konkuno, monga anafunira. Siwa a Kamwendo anakana kuti ikhale kwina, anati ikhala pakhomo pawo. M'mawa wa tsiku loika maliro ndikufika ndi mapoto, ndinapeza nthambi zaziwisi zili kale pa msewu, kumtunda ndi kumunsi, m'mphepete monga anatiuzira apolisi, koma zitakankhidwira mkati pang'ono. Ndinafunsa abambo kuti wayala ndani. Anandilozera ndi milomo. A Derek anali ataima pa geti lawo, sizasi ya m'munda ili m'manja, chipewa chili m'khwapa. Mu mpanda wawo munali chibowo pamalo pomwe paja. Sanalankhule ndi munthu, ndipo sanalowe m'nyumba ya maliro. Anangoima pamenepo mpaka galimoto zinanyamuka kupita ku manda.

Chimene chinatipweteka chinabwera masana. Mapemphero atatha, nyumba inati zii, aliyense akudikira, mwa chizolowezi, kuti wina aimirire manja kumbuyo n'kuyamba kutchula maina. Panalibe woimirira. Tinayesa kuthandizana, uyu dzina limodzi, uyu awiri. Tinafika khumi ndi angapo n'kukakamira. Wophunzira wa ku Rumphi uja tonse tinkamukumbukira kuti analipo, koma dzina lake linapita ndi Che Twaibu. Kenako mwana wanga Chisomo, amene tsopano salola munthu kumutcha Chizzy, anafunsa m'Chichewa chake chopindika kuti nanga agogowo kwawo kunali mudzi uti. Tinayang'anana. Machinga tinkadziwa, basi. Munthu amene ankadziwa mudzi, mfumu ndi mtsinje wa aliyense wa ife, palibe ndi mmodzi yemwe anamufunsapo wake. A Kamwendo anachita kutulutsa pepala lija m'chikwama n'kuwerenga: Twaibu mwana wa Amidu, mudzi wa Namalweso. Tinaubwereza tonse mokweza, mwamanyazi.

Lamlungu lapitali ndinadutsa kwa a Kamwendo ndikuchokera ku tchalitchi. Chikwama anachipachika pa msomali kuseri kwa chitseko, chafwapa, mwatsala kamkeka ndi fulasiki. Panja, pa kakhoma kaja, pali njerwa ziwiri zosalala kuposa zinzake, pamene jasi lakuda linkakhudza zaka zinayi. Palibe amakhalapo, ngakhale mipando itachepa. Mpanda wa a Derek wadulidwa bwino mbali zonse ngati kale, koma chibowo chija sanachitseke, ndipo mphukira zikayamba kumera amazidula. Ndinaima pamenepo kanthawi. A Derek anatuluka ndi zinyalala, anandiyang'ana, n'kundifunsa dzina langa. Ndinawauza lonse, ndi mudzi womwe.